Ku Palmyra, kumene kunabadwira Buku la Mormon

Kuchokera mumzinda wa Rochester, m'chigawo cha New York ku America, ulendo wa pagalimoto wopita ku Palmyra sukwana ola limodzi. Msewu umadutsa m'minda ya maapozi ndi chimanga, kenako umakufikitsa m'katawuni kakang'ono m'mphepete mwa ngalande ya Erie. Pamphambano yaikulu ya tawuniyo pali matchalitchi anayi oyang'anizana: la Presbyterian, la Methodist, la Baptist ndi la Episcopal. Onsewa anamangidwa Joseph Smith atachoka kale, koma akukumbutsabe mpikisano wa mipingo umene iye ankati unamusautsa mtima ali mnyamata.

Chimene chinandikoka ndi nkhani imene amishonale ovala malaya oyera, oyenda awiriawiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amafotokoza pakhomo lililonse. Iwo ndi a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, ndipo amati mu 1820 Joseph Smith, woyambitsa mpingo wawo, ali mnyamata wa zaka 14 analowa m'nkhalango kukapemphera, naona Mulungu Atate ndi Yesu, amene anamuuza kuti asalowe mpingo uliwonse.

Nkhalangoyo ilipo, kumadzulo kwa munda wa banja la Smith, makilomita ochepa kum'mwera kwa tawuni. Ndinayenda m'tinjira take tosamalidwa bwino, pansi pa mitengo italiitali. Palibe chikwangwani chosonyeza pamene mnyamatayo anagwada, ndipo mpingo suyerekeza kuloza malo. Pafupi pali nyumba yazipika imene inamangidwanso pamaziko a yakale, yopanikizana kwabasi kwa banja lalikulu chotero.

Mtsutso woyamba wagona pa zimene Smith mwiniwake anasiya. Nkhani imene amishonale amanena ndi ya mu 1838. Koma pali ina ya mu 1832, imene analemba ndi dzanja lake, ndipo m'menemo akutchula Ambuye yekha, osati awiri. Nkhawa yake m'nkhani imeneyo inali machimo ake, ndipo akuti anali atazindikira kale powerenga Baibulo kuti mipingo inasochera. Mu ya 1838 akupita kukafunsa kuti mpingo woona ndi uti. Ya mu 1835 ikuwonjezerapo angelo ambiri. Masomphenyawa sanasindikizidwe mpaka 1840, pamene mtsogoleri wina wa mpingo, Orson Pratt, anawaika m'kabuku ku Edinburgh, ndipo alaliki oyambirira a mpingowu ankakamba za mngelo amene anaonetsa Smith mapale a golide ndi za Buku la Mormon, osati za nkhalango.

Oteteza mpingo amati munthu sanena nkhani mofanana kwa anthu osiyana, ndipo amapereka chitsanzo cha Paulo panjira ya ku Damasiko, nkhani imene buku la Machitidwe limaifotokoza katatu mosiyanako. Mfundoyi ndi yomveka, koma ine sindikuona kuti ikuthetsa vuto. Chiphunzitso chakuti Atate ndi Mwana ndi awiri osiyana, aliyense ndi thupi lake, ndicho chimapatula mpingowu kwa Akhristu ena, ndipo masiku ano amachitsamiritsa pa masomphenya amenewa. Pomwepa ndi pamene zolemba zakale zikusinthasintha. Maphunziro a chikhulupiriro amene mpingo unasindikiza mu 1835 ankafotokoza Atate ngati mzimu. Buku la Mormon litasindikizidwanso mu 1837, malo ena amene ankatchula Yesu kuti Mulungu kapena Atate Wamuyaya anakonzedwa kuti amutchule Mwana. Mpingo unavomereza poyera kusiyana kwa nkhani za masomphenya m'nkhani imene unaika pa intaneti mu 2013, ndipo ine ndikuona kuti aliyense wofuna kubatizidwa ayenera kuiwerenga.

Chaka nachonso chili pa mtsutso. Mu 1967 m'busa wa Presbyterian, Wesley Walters, anasanthula mabuku a mipingo ya kuderali ndi kunena kuti chitsitsimutso chachikulu cha ku Palmyra chinachitika mu 1824 ndi 1825, osati mu 1820. Olemba mbiri a mpingo anamuyankha poloza msonkhano wa a Methodist wa mu 1819 ku Vienna, tawuni yapafupi imene lero imatchedwa Phelps.

Walters yemweyo ndi amene mu 1971 anapeza, m'chipinda chapansi cha ndende ya ku Norwich, kapepala kolipiritsa ka woweruza Albert Neely. Kakusonyeza kuti mu Marichi 1826 Smith anaonekera pamaso pa woweruzayo ku South Bainbridge, ndipo kakumutchula kuti woyang'ana m'galasi, ndiye kuti woombeza. Mlimi wina, Josiah Stowell, anali atamulemba ganyu mu 1825 kuti afunefune siliva wokwiriridwa, popeza ankadziwika kuti amaona zobisika m'mwala. Akatswiri sagwirizana za mmene mlanduwo unathera, koma palibenso wotsutsa kuti kufuna chumako kunachitikadi.

Mwalawu ndi umene ukulumikiza zonse. Zithunzi zambiri zakale za mpingo zimaonetsa Smith atakhala patebulo, chala chili pa mapale a golide, akumasulira Buku la Mormon. Mkazi wake Emma ndi David Whitmer, amene ankaona ntchitoyo, anafotokoza zina: ankaika mwala m'chipewa, n'kuzika nkhope m'menemo kuti kuwala kusalowe, n'kumatchula mawu mlembi akulemba, mapale ali okutidwa ndi nsalu. Mu 2015 mpingo unatulutsa chithunzi cha mwala wofiirira, wosalala, wofanana ndi dzira. Wokhulupirira amati Mulungu anayeretsa chida chimene mnyamatayo ankachidziwa kale. Wotsutsa amati woombeza anangosintha msika.

Paphiri la Cumorah sindinakhalitse. Ndi chitunda chachitali ndithu m'mbali mwa msewu wa 21, ndipo pamwamba pake pali chipilala cha mngelo Moroni chimene chinaimikidwa mu 1935. Smith ankati apa ndi pamene anaonetsedwa mapale mu Seputembala 1823 ndi kuwatenga mu 1827. Ankatinso atamaliza ntchito anawabweza kwa mngelo, choncho palibe chimene katswiri angayeze.

Malo amene anandigwira mtima ndi nyumba ya njerwa ya E. B. Grandin, amene anasindikiza Buku la Mormon, mumsewu waukulu wa Palmyra. Pamwamba pake pali makina osindikizira apamanja, a mtundu wa nthawi imeneyo, ndi mabokosi a timalemba tachitsulo timene ankatola kamodzikamodzi. Mapepala osindikizidwa ankawayanika, kenako n'kuwatsitsira pansi kukapinda ndi kusoka. John Gilbert, wotola malemba, analandira zolemba zopanda mipatuliro ndi mipumiro, ndipo anaziikamo yekha. Mabuku 5,000 anayamba kugulitsidwa pa 26 Marichi 1830, ndipo mpingo unakhazikitsidwa pa 6 Epulo.

Nanga buku la masamba oposa 500, limene mbali yake yaikulu inalembedwa pakati pa Epulo ndi Juni 1829, linachokera kuti? Mu 1834 Eber D. Howe anafalitsa zoti linabedwa m'nthano ya Solomon Spalding, amene anali atamwalira mu 1816. Zolemba za Spalding zitapezeka ku Honolulu mu 1884, zinaoneka kuti sizikufanana kwenikweni ndi Buku la Mormon, ndipo olemba mbiri ambiri anaisiya mfundoyi, ngakhale alaliki ena akuibwerezabe ngati yotsimikizika. Funso lolemera ndi la buku la Ethan Smith la mu 1823, View of the Hebrews, lonena kuti Amwenye a ku America anachokera kwa Aisraeli. Ethan Smith anali m'busa ku Poultney, kumene kunkakhala banja la Oliver Cowdery, mlembi wamkulu wa Joseph. Mtsogoleri wina wa mpingo, B. H. Roberts, anaunika kufanana kwa mabuku awiriwa m'zaka za m'ma 1920 ndipo sanakupeputse. Umboni woti Joseph analiwerenga asanalembe lake sunapezeke, koma maganizowo anali ofala m'dera lonselo.

Ndalama zosindikizira, madola 3,000, zinachokera kwa Martin Harris, mlimi wolemera wa ku Palmyra, amene anaika munda wake chikole. Mabuku sanayende malonda, ndipo mu 1831 anagulitsa maekala 151 kuti abweze ngongole. Banja lake ndi Lucy Harris, amene ankakana zonsezi, linasokonekera. Martin Harris, Cowdery ndi Whitmer ndiwo mboni zitatu zimene zinati mngelo anazionetsa mapale. Atatu onsewa anachotsedwa mumpingo pakati pa 1837 ndi 1838, koma palibe anabweza mawu ake. Gilbert anadzakumbukira kuti Harris anamuuza kuti anaona mapalewo ndi maso auzimu, ndipo otsutsa agwiritsitsa pamenepo, pamene ena amene anacheza naye atakalamba anati ankanenetsa kuti anaona ndi maso ake enieni. Harris anasamukira ku Utah mu 1870, anabatizidwanso, ndipo anamwalira ku Clarkston mu 1875 ali ndi zaka 92.