Boti Logonamo

Ife a kunyanja tikamagula boti timathamangira kuyang'ana utoto ndi injini. Komatu boti loti bambo azigonamo milungu itatu, akutsata usipa kuchokera ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, ndi nyumba, ndipo liyesedwe mu Juni, mwera ukuwomba. Pamenepo m'pamene thabwa lolowetsa madzi limadziulula. Bwato wosema ngwabwino kwa wopita m'mawa n'kubwerako madzulo. Wogonamo amadzuka msana uli gwa, ufa utanyowa. Ife timafuna la matabwa a mlombwa, lotakata pamimba, loti chilimira, mbaula ndi mkeka zikwane popanda kupondana. Lichedwe panjira, palibe kanthu, bola pakhale poika nkhafi zinayi, poti injini imafa pakati pa nyanja ana akudikira kumudzi.