Kompyuta Yoti Amayi Aziyatsa Okha

Ophunzira ambiri tikamakamba za kompyuta timayamba ndi funso limodzi: ndi yamphamvu bwanji? Timafunsana za purosesa, za RAM, za graphics card, ndipo amene watchula manambala akuluakulu ndiye amaoneka wodziwa. Funso limeneli ndi loyenera pa kompyuta yokonzera mavidiyo kapena yoseweretsa magemu. Koma ilipo kompyuta ina imene funsoli lingakusocheretse nayo, ija yokhala pansi pa TV pabalaza yoti banja lonse lizionerapo kanema. Zida za kompyuta imeneyi zimasankhidwa poyang'ana chipinda chimene ikakhalemo ndi anthu amene aziigwiritsa ntchito.

Kwathu tili ndi katoni ya ma DVD. Muli ukwati wa achemwali anga, chinkhoswe cha achimwene, nyimbo za kwaya imene amayi ankaimbamo ali ndi mawu akuthwa, komanso vidiyo imodzi yokha imene agogo aamuna akuoneka akulankhula. Ma DVD ojambulidwa pa kompyuta sakhalitsa. Amakalika, ndipo utoto umene umasunga zithunzi mkati mwake umawonongeka ndi dzuwa komanso kutentha. Ena anali atayamba kale kudodoma, kenako makina oonera ma DVD aja anafa. Bambo atagulitsa soya anandipatsa gawo la ndalamazo n'kunena kuti, "Iwe ndiwe wa sukulu. Tipezere choonera chimene sichidzatisowetsa mtendere." Ndinadziwa kuti ndalama zina zokonzera zolakwika kulibe. Chimene ndigule ndi chomwecho.

Mnzanga wa kuhositelo, amene amakonda magemu, anandilangiza mwachikondi. "Aise, usanyengerere. Gula yokhala ndi graphics card yeniyeni, udzaiwale za mavuto." Ndinamuthokoza, koma ndisanayang'ane mtengo wa chilichonse ndinalemba mafunso atatu papepala. Tizionera chiyani? Pa TV yotani? Aziyatsa ndani ine ndikabwerera kusukulu?

Ndinayamba ndi TV. Yathu ndi ya mainchesi 32, ya 1080p, kutanthauza timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. TV ya 4K ili ndi timadontho 3840 ndi 2160, kuwirikiza kanayi. Koma mipando yathu ili pa mtunda wa mamita atatu, ndipo pa mtunda umenewo diso silingasiyanitse 4K ndi 1080p pa TV yaing'ono chonchi. Kulipirira mphamvu za 4K kukanakhala kugula chinthu chimene palibe angachione m'nyumba mwathu. Amene muli ndi TV ya 4K yaikulu, onetsetsani kuti pobayira HDMI pa kompyutayo ndi pa mtundu wa 2.0 kapena woposa apo, chifukwa HDMI 1.4 imatumiza 4K pa zithunzi 30 zokha pa sekondi, pamene 2.0 imafika 60.

Nkhani ya purosesa ndiyo imene imasokoneza anthu ambiri. Vidiyo imasungidwa yopanikizidwa kuti isadye malo, ndipo kompyuta imayenera kuimasula nthawi imene mukuonera. Njira zopanikizira zilipo zingapo: H.264 imene ili ponseponse, HEVC imene inatuluka mu 2013, VP9 imene YouTube imagwiritsa ntchito kwambiri, ndi AV1 ya 2018. Purosesa ikhoza kumasula vidiyo ndi mphamvu zake zonse, ikutentha, fani ikulira. Ikhozanso kupatsira ntchitoyo kagawo kakang'ono kamene kanapangidwira zimenezo basi. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mwamuna wadzitho wosinja chimanga mumtondo ndi kachigayo kakang'ono. Wamphamvuyo amaliza, koma ali thukuta kamukamu, pamene kachigayoko kamangoyenda. Kampani ya Intel inayamba kuika kagawo kameneka, kotchedwa Quick Sync, mu 2011. Mapurosesa ake a m'badwo wachisanu ndi chiwiri, monga Core i3 kapena i5 amene nambala yake imayamba ndi 7, amamasula HEVC ndi VP9 mosavutika. AV1 inayamba kumasulidwa chonchi pa m'badwo wa 11. Choncho funso loyenera pa purosesa ya pabalaza ndi lakuti imadziwa kumasula mavidiyo a mtundu wanji. Ikakhala kuti imadziwa, graphics card yapadera siifunikanso.

Kusiya graphics card kumathandizanso pa magetsi, ndipo apa ndi pamene bambo anatchera khutu. Tiyerekeze kuti kompyuta yaikulu ikudya mawati 150 ndipo mumaonera maola anayi tsiku lililonse. Pa masiku 30 imeneyo yadya mayunitsi 18. Kakompyuta kakang'ono kodya mawati 15 kadya mayunitsi osakwana awiri pa nthawi yomweyo. M'nyumba imene anthu amayang'ana mita asanayatse ketulo, kusiyana kumeneku kumamveka. Komanso magetsi akazima timadalira batire la sola ndi inveta yaing'ono, zimene zimatha kunyamula TV ndi kakompyuta ka mawati ochepa, koma sizingapirire kompyuta ya magemu. Ndinaikanso pa mndandanda choteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu. Ndi chotchipa, ndipo aliyense amene TV yake inapsapo usiku wa ziphaliwali amadziwa ntchito yake.

Chinthu china chimene sichilembedwa pa katoni ndi phokoso. Mu labu ya makompyuta sitilimva chifukwa tonse tikulankhula. Pabalaza usiku, pamene munthu mu vidiyo akulankhula motsitsa, kulira kwa fani kumalowa m'khutu ngati udzudzu. Fani yaikulu, monga ya mamilimita 120, imakankha mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, pamene yaing'ono imayenera kuthamanga n'kumalira. Koma njira yabwino koposa ndi kusankha zida zosatentha kwambiri, kuti fani isakhale ndi ntchito yambiri. Ndinaganiziranso fumbi la mu September ndi kutentha kwa mu October, komanso chizolowezi cha amayi chovundikira chilichonse chamtengo ndi kansalu kolukidwa bwino. Tinagwirizana kuti kansaluko kazikhala pa TV, kompyuta izipuma.

Nditamaliza kulemba zonsezi ndinatsala ndi njira zitatu. Yoyamba inali kugula chida chilichonse pachokha n'kulumikiza ndekha pa bolodi yaing'ono ya Mini-ITX, imene ndi ya masentimita 17 mbali zonse. Njira imeneyi imakoma kwa wokonda zida, koma kuno zida zake n'zosowa, ndipo kuitanitsa kunja kumadya ndalama pa mtengo wotumizira ndi msonkho. Yachiwiri inali Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja. Mtundu wake wachinayi, wa 2019, umamasula HEVC ya 4K ndipo umadya magetsi ochepa kwambiri. Vuto lake linali lomwelo la kusowa, ndiponso umafuna kugulira padera chikuto, chaja ndi kadi yosungira zinthu. Yachitatu inali makompyuta ang'onoang'ono a m'maofesi amene amabwera ogwiritsidwapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini ndi Lenovo ThinkCentre Tiny. Amenewa amapezeka m'mashopu a makompyuta m'tauni, anapangidwa kuti aziyaka tsiku lonse, ndipo amatseguka mosavuta ukafuna kusintha RAM kapena SSD.

Ndinasankha njira yachitatu, yokhala ndi Core i3 ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, ya mtundu wothera ndi chilembo T, umene unapangidwa kuti usapitirire mawati 35. Makompyuta a m'badwo umenewu ali ndi chilema chimodzi kwa anthu a m'maofesi. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo pafupifupi mapurosesa onse a m'badwowu sali pa mndandanda wovomerezeka wa Windows 11. Kwa ine chimenecho sichinali chilema, chifukwa sindinkafuna Windows. Ndinaika LibreELEC, pulogalamu yaulere imene ntchito yake ndi imodzi yokha, kuyendetsa Kodi. Kodi ndi pulogalamu yoonera mavidiyo imene inayambira pa makina a magemu a Xbox ikutchedwa XBMC, n'kusintha dzina mu 2014. Ukayatsa kompyuta imangofikira pa mndandanda wa mavidiyo, popanda mawindo ofunsa mapasiwedi kapena mauthenga ovutitsa.

Pogula chinthu chakale munthu sudalira maonekedwe. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Ndinapita kushopu ndi flash yokhala ndi vidiyo ya HEVC, ndinapempha kuti tiiyese, ndipo ndinaisiya ikusewera kwa mphindi khumi ndikumvetsera fani ndi kugwira chikuto kuti ndione ngati chikutentha. Ndinabaya flash yanga pobayira USB paliponse. Ndinayang'ananso kumbuyo, chifukwa makompyuta ambiri a m'maofesi ali ndi DisplayPort m'malo mwa HDMI. Si vuto lalikulu, popeza kachingwe kolumikizira ziwirizi kamapezeka ndipo kamanyamula zithunzi ndi mawu omwe, koma ndi bwino kukagula tsiku lomwelo kusiyana n'kukadabwa uli kumudzi. Wogulitsa wokhulupirika sakwiya ukamayesa katundu wake.

Pa RAM ndinakhutira ndi 8GB, imene ndi yochuluka kale pa ntchito yoonera kanema. Mkati ndinaika SSD yaing'ono, chifukwa ilibe mbale zozungulira, sichita phokoso, ndipo imayatsa kompyuta m'masekondi ochepa. Ndalama zambiri zinapita ku hard disk ziwiri zakunja za 1TB iliyonse. DVD wamba imasunga 4.7GB, choncho hard disk imodzi yotere imanyamula ma DVD oposa 200, kuposa katoni yathu yonse. Mnzanga uja anafunsa chifukwa chogulira ziwiri pamene imodzi sinadzaze n'komwe. Yankho lake ndi lakuti hard disk nayonso imafa, nthawi zina popanda chenjezo. Vidiyo ya agogo ikakhala pamalo amodzi okha ndiye kuti sinasungidwe. Ndinabwereka chowerengera ma DVD cha pa USB ndi kukopera zonse kwa masiku anayi. Awiri anakana kuwerengeka mpaka mapeto, ndipo a ukwati wa msuweni wathu tinangopulumutsako theka. Ya agogo inatuluka yonse.

Za intaneti sindinazipatse malo aakulu. Netflix yokha imanena kuti kuonera kanema wa HD kumatha kudya 3GB pa ola limodzi, ndipo wa 4K mpaka 7GB. Pa mtengo wa mabandulo, banja lathu silingaonere chonchi tsiku ndi tsiku. Kompyuta yathu ndinaikonza kuti izigwira ntchito yonse popanda intaneti. Zatsopano, monga maphunziro a ana, nyimbo za makwaya ndi mavidiyo a ulimi amene eni ake amalola kutsitsa, ndimabwera nazo pa flash.

Mawu ndinawaganizira chifukwa cha bambo, amene khutu lawo lamanzere silimvanso bwino. Ma TV opyapyala a masiku ano ali ndi timasipika ting'onoting'ono toyang'ana pansi kapena kukhoma, ndipo mawu a anthu amamveka ngati akuchokera m'chitini. Sindinagule masipika atsopano. Pakona panali wailesi yakale ya masipika awiri amatabwa, yokhala ndi pobayira AUX, imene inkangosunga fumbi chiwonongekere malo a kaseti. Chingwe chimodzi chotchipa chinaibwezera pa ntchito, ndipo bambo anasiya kufunsa kuti wanena chiyani.

Chida chotsiriza, chimene chinali chotchipa kuposa zonse, ndicho chinayankha funso langa lachitatu. Amayi sagwiritsa ntchito kiyibodi ndipo safuna kuyamba lero. Njira yakuti rimoti ya TV iziyendetsanso chipangizo china kudzera pa chingwe cha HDMI ilipo, imatchedwa CEC, ndipo Raspberry Pi ili nayo, koma makompyuta ambiri wamba alibe. Choncho ndinagula rimoti yaing'ono ya pa USB, ya mabatani ochepa. Ndinakulitsa zilembo za pa TV, ndinachotsa pa mndandanda zonse zosafunika, ndipo mafoda ndinawapatsa mayina achichewa: Maukwati, Kwaya, Za Ana, Agogo. Mu BIOS ndinasintha kuti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera. Kenako ndinapereka rimoti kwa amayi n'kukhala phee pakona, manja m'thumba. Anasochera kamodzi, anabwerera okha, ndipo anapeza foda ya kwaya. "Basi, ndamva," anatero. "Pita ukatunge madzi."

Ambiri a ife tikapita kwathu timapatsidwa ntchito ngati imeneyi. Wina amatumidwa kukagula foni ya azakhali, wina laputopu ya mphwake, wina purojekita ya kumpingo. Anthu amatipatsa ndalama zimene anazipeza movutikira chifukwa amakhulupirira kuti sukulu inatitsegula maso. Chiyeso chimene chimabwera ndi kugula chinthu chimene ifeyo tikanakonda kukhala nacho, chimene anzathu angachitamande. Koma ife timabwerera kusukulu, ndipo chinthucho chimatsala ndi anthu amene sangatiimbire foni nthawi iliyonse chikavuta. Ndi bwino kuyeza mtunda wa mipando, kuwerenga mayunitsi ndi kufunsa amene azigwira rimoti, manambala a pa katoni abwere pambuyo.

Ndalama zinatsalako pang'ono, ndipo ndinazibweza kwa bambo pamodzi ndi malisiti. Hard disk yachiwiri ndinaikulunga mu pulasitiki n'kukaisiya kwa achemwali, amene amakhala boma lina. Tinapangana kuti chaka chilichonse pa tchuthi cha December ndizikaitenga, ndikoperemo zatsopano, n'kuibweza.