Nyimbo kuseri kwa khoma logwa

...ndiye ndikudutsa m'Chibavi m'mawa uno, wa njinga ya sakaramento akulimbana ndi matope, ndangomva amayi akuimba kuseri kwa nyumba ina yomwe khoma lake lagwa ndi mvula ya usiku. Zofunda aziyanika pampanda, makope a ana ali pamphasa, ufa wanyowa wonse. Koma pakamwa pali nyimbo za mu Sumu za Ukhristu, mawu onse anayi. Amayi ena achikulire akuuza mwini nyumbayo kuti, “Mwanawe, Mulungu amene anatisunga mu 2016 sanasamuke m'Chibavi muno.”

Amene munali mu Mzuzu mu Epulo chaka chimenecho mukukumbuka. Nyumba za zidina zosaotcha zinkagwa kuno, ku Chiputula, ku Masasa, mabanja n'kumagona m'matchalitchi ndi m'masukulu.

Mtima wanga wathamangira kwa Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi. Anali atakwapulidwa, mapazi ali m'matangadza, ndipo anaimba pakati pa usiku zitseko zisanatseguke. Sanadikire kuti zinthu ziyambe zakhala bwino.

Inde, ngalande zikufunika kukumbidwa, ndipo nkhani yomanga m'dambo tisamaizembe. Komabe ndaona ndi maso anga kuti amayi aja, ataimba, anyamula makasu n'kuyamba kuchotsa dothi, wina wabwera ndi ndiwo, wina watenga ana kukawagoneka kwake. Misozi yalengeza ndithu.

Inu abale, pamene zinakuthinani kwambiri, ndi vesi liti kapena nyimbo iti imene inakudzutsani?