Kalasi yopanda anthu ku Binga

Mphunzitsi mnzanga, ngati munalandirapo mlendo wodzayendera kalasi yanu, tsiku lomwelo ophunzira n'kujomba onse, nkhani iyi muimva msanga. Ine zinandionekera mu Okutobala 2002, chaka cha chilala chija chimene a ku Malawi, ku Zambia ndi ife a ku Zimbabwe sitidzachiiwala.

Ndinabadwira ku Makokoba mumzinda wa Bulawayo. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, choncho panyumba tinkayankhula Chinyanja, tikatuluka panja Chindebele. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa alangizi a makalasi a anthu akuluakulu, amene kumudzi mumawatcha sukulu za kwacha. Makalasi ena anali m'boma la Binga, ndipo bungwe lina lakunja ndi limene linkapereka ndalama za choko, mabuku ndi kangachepe ka alangizi. Bungwelo linatumiza mayi wina wa ku Ulaya kuti akaone ngati thandizolo lipitirire. Womuperekeza ndinali ine.

Kuchoka ku Bulawayo kukafika ku Binga ndi ulendo wa makilomita oposa 400. Umatsata msewu wa ku Victoria Falls, kudutsa Lupane, n'kukhota pa Cross Dete. Tinaima pang'ono pa Kamativi, pamene mgodi wa tini unatsekedwa mu 1994, ndipo ndikugula madzi ndinamva madala awiri akukangana m'Chichewa chenicheni cha kwathu. Anali ena mwa anthu a ku Malawi amene anatsalira pamenepo ntchito itatha. Kuchokera apo msewu umangotsetsereka kulowa m'chigwa cha Zambezi, ndipo kutentha kumanka kukulirakulira.

Binga si chipululu cha mchenga wokhawokha ayi, koma mu Okutobala kusiyana kwake n'kochepa. Kumatentha mpaka madigiri 40. Mitengo ya tsanya imakhala itayoyola masamba, mthunzi wake wosakwana n'komwe mbuzi. Tawuniyo ndi kakang'ono: masitolo angapo, maofesi a boma, chipatala, basi. Kumunsi kwake nyanja ya Kariba imangoti mbee, mabwato a kapenta ali ndandanda. Mlendo wanga anadabwa. "Madzi onsewa, anthu n'kumavutika ndi ludzu?" Ndinamufotokozera kuti Atonga a kuno ankakhala m'mbali mwa mtsinje, n'kumalima kawiri pachaka m'dothi la chinyontho. Pomanga damu la Kariba, mu 1957 ndi 1958, anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinjewo anasamutsidwa, ndipo ambiri anaikidwa kumtunda kwa miyala, kutali ndi madzi. (Musawasokoneze ndi Atonga a ku Nkhata Bay. Dzina ndi limodzi, chiyankhulo n'chosiyana.)

Kalasi yathu inali m'mudzi wina kunja kwa tawuni, pansi pa mtengo wa bwemba. Pa ndandanda tinalemba kuti imayamba 2 koloko masana. Tinafika nthawi isanakwane. Mlangizi anali atakoleka bolodi pamtengo, atasesa bwinobwino. M'kaundula munali mayina 24. Inakwana 2 koloko, zii. Inakwana 3, kunabwera agogo amodzi okha, nawonso anangodzaona galimoto. Mlendo wanga nkhope inali itafiira ngati phwetekere, botolo lake la madzi litatha. Anatulutsa fomu yake, ndipo ndinaona cholembera chikulunjika pa bokosi lakuti anthu alibe chidwi. Ndinadziwa kuti akangochonga pamenepo, makalasi onse a chigawocho atha.

Ndinati, "Mayi, chonde musalembe lero. Tigone konkuno, mulembe mawa." Sindinali ndi nzeru ina iliyonse, ndinkangogula nthawi. Mwamwayi anavomera.

Mlangizi anatidzutsa kusanache. Tinatsatira mzere wa amayi osenza zigubu mpaka ku mtsinje wouma, kumene ankafukula mchenga ndi manja, n'kumadikira kuti madzi asonkhane pang'onopang'ono m'dzenje. Chigubu chimodzi kuti chidzaze, umakhala pansi ndithu. Ophunzira athu onse anali pamenepo. Akabwerera kumudzi dzuwa litakwera, ena ankapita kukatola malambe ndi bwemba, poti chakudya cha ana chinali chomwecho. Pofika 2 koloko munthu amakhala atatheratu. Ndipo ambiri ankabwereranso kumadzi madzulo.

Tsono funso ndi ili: anaika 2 koloko ndani? Ndine. Ndinalemba ndandanda imeneyo ndili mu ofesi ku Bulawayo, mzinda wa pamtunda wa kamphepo kayaziyazi, poganizira amayi a ku Makokoba amene masana amapezako mpata. Buku lophunzirira ndinalikonzanso ndine, m'Chindebele, chifukwa ndicho chinkaphunzitsidwa m'sukulu zambiri za chigawocho. Mwana wa mchona ngati ine, amene ndinakula ndikumva kuwawa kosiya chiyankhulo cha amayi anga pakhomo la sukulu, ndinachitira anzanga zomwezo osazindikira. Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti maphunziro ndinali nawo. Ndinkadziwa za Paulo Freire wa ku Brazil, amene ankati mawu oyamba kuphunzira azichokera m'moyo wa ophunzirawo. Ndinkadziwanso njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid linayamba kuiyesa mu 1993 ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador, yoti anthu azijambula okha pansi mapu a mudzi wawo ndi kalendala ya ntchito zawo, mawu owerenga n'kuchokera pamenepo. Ndinkaziphunzitsa ena m'misonkhano. Kufunsa amayiwa kuti tsiku lawo limayenda bwanji, ayi, sindinafunse.

Tinachitira pomwepo pamchenga, anthu akudikira madzi. Mlangizi anajambula mzere wautali, uku kutuluka kwa dzuwa, uku kulowa kwake. Amayi anaika nthangala za bwemba pa nthawi iliyonse imene amakhala pantchito. Mzere wonse unadzaza, kupatula kampata kakang'ono dzuwa litangolowa. Kenaka tinafunsa mawu amene akufuna kuyamba kulemba. Anatchula awiri: meenda, ndiye kuti madzi, ndi nzala. Lachiwirili simufunika womasulira, ndi njala yathu yomweyi. M'buku langa lija munali amanzi ndi indlala.

Mayi wina wachikulire anati iye mawu amenewo adikire kaye, akufuna dzina lake. Chimanga cha thandizo chikabwera, mayina amaitanidwa kuchokera papepala, munthu n'kudinda chala. Mwezi wapitawo kalaliki anali atalemba dzina lake molakwika, ndipo poitana iye sanadziwe kuti akunena iyeyo. Anabwerera chimanjamanja, kunyumba kuli zidzukulu zinayi. "Ndikufuna ndizidzionera ndekha papepalapo," anatero kudzera mwa mlangizi. Mlangizi analemba dzinalo pamchenga wonyowa, zilembo zikuluzikulu, iye n'kumalondola ndi chala. Analephera kangapo, anzake akuseka, iyenso akuseka.

Musanapitirire, taganizirani za kalasi yanu. Nthawi imene mumakumana anaisankha ndani, ndipo anali atakhala kuti poisankha?

Mlendo uja sindimunena zoipa. Anapatsidwa masiku atatu ndi fomu ya mabokosi, ndipo fomu siifunsa chifukwa. Chimene anachita bwino n'chakuti analola kugona pamphasa usiku umodzi. Bokosi lija sanalichonge. M'malo mwake analemba m'mphepete mwa pepala kuti kalasi isinthidwe nthawi, ndi kuti pakufunika nyali ziwiri ndi palafini. Ku likulu lawo anakangana nazo, poti ndalama zinali za mabuku osati za palafini, koma patapita miyezi iwiri nyalizo zinafika.

Zina zasintha kuchokera nthawi imeneyo. Mu 2011 ana a Giredi 7 analemba mayeso a Chitonga koyamba, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chitonga ndi Chichewa chomwe m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Mabuku anga a Chindebele aja anatsala m'katoni kunyumba kwa mlangizi. Nditapitako chaka chotsatira ndinapeza chiswe chitadya theka, ndipo mayi uja anandilanda cholembera m'thumba la malaya, n'kulemba dzina lake pachikuto cha buku limodzi lotsala. Chilembo chimodzi chinali chozondoka. Anandibwezera cholemberacho n'kunena kuti, "Twalumba."