Makina Awiri M'munda wa Tirigu

Pamene tinali anyamata kwathu ku Dedza, chimanga chikatha kukololedwa tinkatenga makasu ndi kupita kukakumba mbewa. Pakati pathu panali mnyamata wina wa khasu lakutha, la mpini wong'ambika womangidwa ndi luzi, koma madzulo pobwerera iyeyo ndiye ankakhala ndi mbewa zambiri pampani. Ife tinkati ali ndi mankhwala. Mnyamata ameneyo ndinamkumbukira imvi zitayamba kale kumera, ndili chiimire m'munda wa mwini ku Norfolk, m'dziko la England, kumene ndakhala zaka zambiri pa ntchito yosamala okalamba. Nkhani ya mundawo ndiyo ndifuna kukusimbirani.

Angelezi ali ndi ntchito ina yapamtima imene mlendo akaiona koyamba amaseka. Tsiku Loweruka, tirigu atadulidwa, mudzaona bambo wamkulu ndithu, wa nyumba yake ndi ana ake, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa ziputu, m'makutu atavala zomvera, m'dzanja atagwira ndodo yokhala ndi mbale kunsi kwake, akuipititsa uku ndi uku ngati munthu wosesa pabwalo. Ameneyo akufunafuna zitsulo zakale zimene makolo a dzikolo anataya kapena kukwirira. Amene anandilowetsa m'ntchito imeneyi ndi mkulu wina woyandikana naye nyumba, wopuma pa ntchito, amene anali atayenda m'minda yotere zaka zoposa 30. Dzina lake sindilitchula, ndidzangoti mkuluyo.

Makinawo sadziwa kuombeza, ngakhale amaoneka ngati ula. M'mbale muja muli waya wokulungidwa, ndipo mphamvu ya batire ikamadutsamo, chopita ndi chobwerera kambirimbiri pa kamphindi, imatulutsa mphamvu ya maginito yolowa m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo imadzutsamo timagetsi tating'ono, ndipo waya wachiwiri wa m'mbale momwemo amamva kuyankha kwa chitsulocho, makina n'kulira. Chitsulo chilichonse chili ndi kayankhidwe kake. Msomali umayankha mosiyana ndi mkuwa, mkuwa mosiyana ndi mtovu, ndipo n'chifukwa chake makina amatha kulira mawu a pansi pa china ndi mawu okwera pa china.

Nzeru imeneyi sinayambire pa kufuna chuma. M'chaka cha 1881 Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anapanga makina otere kuti apeze chipolopolo m'thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America, koma sanachipeze, ndipo ambiri amati zitsulo za bedi limene wodwalayo anagonapo ndizo zinasokoneza makinawo. M'chaka cha 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, ali ku Scotland, anapanga makina opezera mabomba okwiriridwa, ndipo anagwira ntchito pa nkhondo ya ku El Alamein mu 1942. Abale athu a ku Mozambique amawadziwa bwino makina a mtundu umenewo, pakuti anathandiza kuyeretsa minda ndi njira zawo nkhondo itatha, kufikira dzikolo linalengezedwa mu 2015 kuti mabomba onse odziwika achotsedwa. Kumeneko makina akalira munthu ankagwada mwamantha. Ku Norfolk amagwada mokondwa.

Chimene chinandiwononga ine ndi nkhani za anthu amwayi. M'chaka cha 1992 Eric Lawes anapita m'munda wa ku Hoxne, ku Suffolk, kukafuna nyundo imene mlimi mnzake anataya, ndipo anapeza ndalama za Aroma pafupifupi 15,000 pamodzi ndi zokometsera za golidi ndi masipuni a siliva. Mphotho yake inali mapaundi 1,750,000, ndipo nyundo ija nayonso inapezeka, ili ku British Museum. M'chaka cha 2009 Terry Herbert anapeza tizidutswa ta golidi ndi siliva toposa 3,500 m'munda wa pafupi ndi Hammerwich, ku Staffordshire, tambiri mwa ito tochokera pa zigwiriro za malupanga, ndipo mtengo wake unaikidwa pa mapaundi 3,285,000, wogawana ndi mwini munda. Nkhanizi ndinazimva ndi khutu limodzi. Mawu akuti Herbert anali ndi makina akale, ogula pa mtengo wochepa, analowa khutu linalo n'kutulukira komweko.

Tsono ndinayamba kuwerenga za makina. Opanga otchuka alipo angapo, monga Garrett wa ku Texas, Minelab wa ku Australia ndi XP wa ku France, ndipo aliyense ali ndi omtsatira amene amakangana ngati anthu a mpira. Ine ndinagula makina atsopano a mapaundi oposa 600, okhala ndi kagalasi koonetsa nambala ya chitsulo chilichonse. Ndalama zimenezo tinkasungira malata a nyumba ya amayi anga kumudzi. Mkazi wanga ataona bokosilo sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoti, “Abambo, mvula ikayamba mu Novembala, amayi tidzawauza kuti afunde chimenechi?” Ndinayankha kuti makinawo adzadzigula okha. Iwo anapitiriza kutsuka mbale.

Mkuluyo anayang'ana makina anga, nawayamikira, natinso tiwayese pamodzi ndi ake, amene anali akale, a zopotokola zitatu, opanda kagalasi. Choyamba tinawagoneka patebulo la matabwa ndi kudutsitsa ndalama ya mkuwa patsogolo pa mbale. Anga anaimva patali kuposa ake ndi mainchesi awiri kapena atatu, ine mtima n'kukhala m'malo. Iye anaseka, nati palibe munthu anatayapo ndalama m'mwamba ikakhala komweko. Anapita nane kuseri kwa nyumba yake, kumene zaka zapitazo anakwirira ndalama m'mizere, ina pa mainchesi 4, ina pa 6, ina pa 8, ina pa 10, ndi kuzisiya kuti nthaka igwirane. Kumeneko kupambana kwanga kunachepa. Ndalama ya pa mainchesi 8 makina onse awiri anaimva, ya pa 10 anga okha, komanso monong'ona, ndipo nambala ya pakagalasi inkadumphadumpha osakhazikika. Apo ndinaphunzira kuti nambala ndi yokhulupirika pa chinthu cha pafupi, koma chikazama makina amangoganiza monga momwe tiganizira ife.

Anandiphunzitsanso zina zimene wogulitsa sanena msanga. Mphamvu ya m'mbale ikamagunda pang'onopang'ono, monga ka 5,000 pa sekondi, imamva bwino zinthu zazikulu zozama. Ikamagunda msanga, monga ka 20,000 kapena kuposa, imamva bwino tinthu tating'ono topyapyala. Makina anga ankagunda mitundu ingapo nthawi imodzi, ndipo kumeneko ndiko kunali kukwera mtengo kwake. Mbale yaikulu imafika pansi kwambiri, koma imaphimba zinthu zingapo nthawi imodzi, kotero kuti msomali ukagona pafupi ndi ndalama, mawu a msomali amameza mawu a ndalama. Nthakanso ili ndi mawu ake, makamaka ya dzimbiri kapena ya mchere, ndipo makina osakonzedwa bwino amalira ndi nthaka yeniyeniyo mpaka munthu kutopa.

Munda umene tinapita unali wa mlimi wina amene mkuluyo anapangana naye kalekale, pakuti m'dziko lija kulowa m'munda wa mwini ndi makina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo pamalo akale otetezedwa ndi boma sipakumbidwa konse. Loweruka loyamba ndinakumba maenje oposa 40. Ndinapeza misomali, zotsekulira zitini, mabatani, zidutswa za mtovu ndi chitsulo cha kuphazi kwa kavalo. Loweruka lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu msana unandiwawa, ndipo ndinachita chimene ochenjera ambiri amachita: ndinauza makina anga kuti asalire pa nambala zonse za pansi, za misomali ndi za timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a fodya. Munda unakhala zii, ndipo ndinayenda mothamanga, wonyada kuti sindikugwadiranso zinyalala.

Mkuluyo ankabwera m'mbuyo mwanga, akukwawa ngati birimankhwe, mbale yake ikukhudza ziputu. Ndinamva akundiitana. Anali ataima pamzere womwe ndinali nditangodutsa, mapazi anga akuoneka m'dothi. Anandiveka zomvera zake, ndipo ndinamva kamawu kochepa, kosalala mbali imodzi, kothyoka mbali inayo. Anati, “Pano mwadutsapo ndinu, ndiye kumbani ndinu.” Ndinakumba mainchesi asanu, ndinaswa chibuma, ndipo pakati pake panali kanthu kakuda, kopyapyala ngati tsamba, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Nditapukuta ndi chala panaoneka nkhope ya mfumu yovala chisoti, ndipo kuseri mtanda wautali wofika m'mphepete, ndi timadontho titatu pa ngodya iliyonse.

Inali peni ya siliva ya Edward I, amene analamulira England kuyambira 1272 kufikira 1307. Ndalama za nthawi imeneyo zinkasulidwa ndi nyundo, imodziimodzi, ndipo mtanda wautali unayamba mu 1247 kuti anthu aleke kumeta siliva m'mphepete mwa ndalama. Kupyapyala kwakeko ndiko kunandipusitsa. Siliva wokhuthala amapereka nambala yokwera, koma kandalama kopyapyala chotere kamatsika kufupi ndi kapepala ka fodya, ndipo ine ndi dzanja langa ndinali nditatseka pakamwa pa makina anga kuti asakanene. Apa ndipo ndinamkumbukira mnyamata wa khasu lakutha uja. Iye ankagwada pa una uliwonse ndi kuyang'ana ngati dothi lake ndi latsopano, pamene ife tinkathamangira mauna aakulu.

Komabe ndisanamizire makina anga. Nditawatsegula kuti alire pa zonse, ndinabwerera pamalo pomwepo ndi kuzungulira pang'onopang'ono. Mapazi ochepa kuchokera padzenje lija panali misomali yambiri, ndipo makina a mkuluyo ankangodzuma mawu a pansi okhaokha. Anga, amene amaleka msanga mawu a chinthu chimodzi ndi kuyamba a china, anatulutsa kamawu kokwera pakati pa kudzumako. Ndinakumba, ndinachotsa misomali iwiri, ndipo pansi pake panali peni yachiwiri ya mfumu yomweyo. Mkuluyo anavula chipewa, navomereza kuti ake sakanaipeza. Tsiku limenelo tinafanana, ngakhale kuti ine ndikuona kuti yoyamba ija inali yovuta, pakuti popanda iyo sindikanabwerera pamalopo.

Chimwemwe changa sichinakhalitse. Lamulo la Treasure Act la 1996 limati ndalama imodzi yokha kawirikawiri si chuma cha boma, koma ndalama ziwiri kapena zambiri za golidi kapena siliva, zopezeka pamodzi, za zaka zoposa 300, ziyenera kunenedwa kwa mkulu wa boma wotchedwa coroner pasanathe masiku 14. Ndinaima ndi tindalama tiwiri m'manja, ndipo maganizo oipa anandifikira. M'munda munalibe wina koma ife awiri. Ndikanati yachiwiriyo ndinaipeza tsiku lina, kumunda kwina, ndani akanatsutsa? Ndinalankhula zimenezi mwanthabwala, monga achitira munthu woyesa madzi ndi chala. Mkuluyo sanaseke. Anandikumbutsa za amuna awiri amene anapeza chuma chambiri cha golidi ndi siliva pafupi ndi Leominster mu 2015 nachibisa, amene anamangidwa mu 2019, ndalama zambiri za chumacho zitamwazika kale kwa ogula. Anatinso ndende si imene imamuopsa iye. Ndalama ziwiri pamalo amodzi zingathe kukhala chikwama chimene munthu anataya, kapena mphika umene pulawo linaswa, ndipo wozichotsa mobisa wafafaniza nkhaniyo kosatha. Pomaliza anati dzina limene mlimi amalidziwa ndi lake, osati langa, ndipo ngati ndifuna kunama ndidzipezere munda wanga.

Manyazi anandigwira kufikira m'mafupa, makamaka poganiza kuti ndine mlendo m'dzikomo, ndipo mlendo mmodzi akalakwa amatsekera anzake onse. Madzulo omwewo tinakaonetsa mlimi, ndipo m'sabata yomweyo tinapita nazo kwa wolemba zopezeka wa Portable Antiquities Scheme, bungwe limene linayamba mu 1997 kulemba zinthu zakale zimene anthu wamba amapeza. Anaziyeza kulemera, anazijambula, natifunsa malo enieni pamapu. Ananditsitsanso mtima pondiuza kuti mapeni a Edward I ndi ena mwa ndalama zakale zopezeka kawirikawiri m'minda ya England, ndipo mtengo wake sungagule ngakhale malata asanu.

Tinabwerera pamalo paja Loweruka lililonse kufikira mlimi anafesa, koma yachitatu sitinaipeze. Patapita chaka ndi miyezi kalata inabwera yonena kuti palibe nyumba yosungiramo zakale imene ikuzifuna, ndipo zinabwezedwa kwa ife. Mlimi anatenga imodzi, ine ndinatenga ija ya pakati pa misomali, pakuti mkuluyo anakana gawo lililonse. Malata a amayi tinagula chaka chotsatira, nditagwira ntchito ya usiku miyezi isanu, ndipo nyengo imodzi ya mvula anagona pansi pa udzu wakale wothirapo pulasitiki. Mkazi wanga peniyo amaitcha “denga la amayi”, ndipo alendo akabwera amaitulutsa yekha m'kachitini kuti aione. Makina aja ndikali nawo. Mkuluyo maondo anamkana, kotero masiku ano amakhala m'galimoto m'mphepete mwa munda, ndipo ndikamva kamawu kokayikitsa ndimamkodola, iye n'kubwera ndi ndodo yake kudzamvera.