Asing'anga a Zitsulo a ku Migowi

Mlendo akafika pa Migowi tsiku la msika, chimene chimayamba kumkopa maso ndicho phiri la Michesi, limene laima ngati mlonda wa chigwa chonse cha Phalombe. Koma akatsitsa maso ake pansi amawona chinthu china chimene ife eni dera tidaleka kuchiwona chifukwa cha kuzoloŵera, ndicho njinga. Pali njinga zosenza matumba a nandolo ndi mpendadzuŵa, zina zonyamula madengu a matemba ndi milamba kuchokera ku nyanja ya Chilwa, zina zakwezedwa mbuzi yomangidwa miyendo, ndipo zina zabereka mai ndi khanda lake pa ulendo wa ku sikelo. Pakati pa zonsezi pamadutsa njinga zamoto zikulira ngati mavu oputidwa. Dziko lathu lino ndi lathyathyathya kuyambira m'tsinde mwa phiri kufikira ku madambo a Chilwa, motero munthu amatha kupalasa mtunda wautali osatsika kuti akankhe.

Tsono kumene kuli njinga zambiri sikusoŵa ozikonza. Tikufuna kuti aŵerengi athu, makamaka anyamata ndi atsikana, ayende nafe pang'ono m'mbali mwa mseu, kuti tikacheze ndi anthu aŵa amene ambiri amaŵapitirira osaŵapatsa moni chifukwa zovala zao n'zakuda ndi girisi.

Galaja wa ku Migowi kaŵirikaŵiri alibe khoma kapena chitseko. Denga lake ndi mthunzi wa mtengo wa mango kapena chisakasa cha udzu, chikwangwani chake ndi tayala lakutha lopachikidwa pa nthambi. Chuma chonse cha mmisiri chimakwanira m'kabokosi kamodzi: masipanala angapo, pulayasi, nyundo, pampu, chitini cha mabolo akale, ndi beseni la madzi akuda bii. Beseni limeneli musalinyoze, pakuti ndilo limaulula pamene chubu chaboka. Mmisiri amapopa chubucho, namachimiza m'madzi pang'onopang'ono mpaka tithovu titayamba kutuluka. Akapapeza amapukuta, amapala ndi sandipepala kuti mphira ikhale yokhakhala, amapaka solushoni, kenaka amaika chubucho pambali nayamba kucheza. Mwini njinga amene ali pachangu amaganiza kuti mmisiri waiŵala ntchito. Sichoncho ai. Solushoni akakhala wamadzimadzi chigamba sichigwira. Ayenera kuuma kufikira atangomata chala pang'ono. Zigamba zambiri zimene zimamatuka pa njira ya ku Chiringa zidamatidwa ndi anthu amene sadathe kudikira mphindi zisanu. Ndipo mmisiri weniweni asanabwezere chubu amayendetsa chala chake m'kati mwa tayala monse kufunafuna munga umene udaboola, chifukwa ukatsalamo ntchito yonse yapita pachabe.

Komatu kumata chubu ndi kalasi yoyamba chabe. Mayeso enieni ndiwo kuwongola limu lopindika. Gudumu la njinga limaima chifukwa masipoko ake onse amakokana, ena kukokera kumanja, ena kumanzere. Njinga zambiri za masiku ano zili ndi masipoko 36 pa gudumu, pamene zakale za ku Mangalande zinkakhala ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo kumene kumagwa katundu. Sipoko imodzi ikaduka zinzake zimakoka mopambana, ndipo gudumu limayamba kuvina. Mmisiri amagadamiza njinga, amazunguza gudumu, amagwira choko pafupi ndi limu kuti chilembe pamene papindika. Akatero amamanga sipoko ya mbali iyi pang'ono, namasula ya mbali inayo pang'ono, osapitirira theka la kupotoza kumodzi, kenaka amazunguzanso. Amachita zimenezi kambirimbiri, mutu uli chopendekeka, diso limodzi lili chotsinzina. Akuluakulu adati kuwona maso a nkhono n'kudekha. Ife amene takhala zaka zambiri tikuphunzitsa ana masamu timaima pamenepo ndi kudabwa, poti munthu uyu, amene mwina adalekezera Sitandade 5, akuŵerengera ndi zala zake zinthu zimene ife timavutika kuzifotokoza pa bolodi.

Luso limeneli silidayambe dzulo. Makolo athu ambiri kuno adapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku mafamu a ku Rhodesia, ndipo munthu wobwera ku Wenela ankadziŵika ndi sutikesi, chipewa, ndi njinga ya Humber kapena Raleigh. Ulendo wa ku Wenela udaimitsidwa m'chaka cha 1974 itagwa ndege ku Francistown imene idapha Amalaŵi oposa 70 ochokera ku migodi, ndipo wa Theba umene udatsatira udatha mu 1988. Koma njinga zija zidatsala. Zipangizo zake zinali zosoŵa, motero mwini wake ankayenera kuphunzira kuzisamala yekha. Loŵeruka masana bambo ankatulutsa njinga pabwalo, kumasula tcheni, kulitsuka m'parafini, kuŵerenga mabolo amodziamodzi pa nsalu kuti asataike mu fumbi, mwana ali pambali kugwira sipanala. Amisiri achikulire amene tili nawo lero ambiri adaphunzirira pa bwalo lotere.

Chimene chimaŵapatsa ntchito yambiri ndi dothi lathu. Amene sadayendepo m'makande a chigwa cha Phalombe nthaŵi ya dzinja sangamvetse. Dothi lakuda limeneli likanyowa limamata ku tayala ngati phala la dzulo, limadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo munthu amene adachoka kwao atakwera njinga amafika njinga itamkwera iye pa phewa. N'chifukwa chake mudzawona njinga zambiri za kumidzi zilibe madigadi; eni ake adachotsa dala. Chilimwe chikafika makande omwewo amauma gwaa ndi kung'ambika, ndipo mabampu ake amathyola masipoko ndi makaliyala. Pamenepo ndipo amaloŵerapo owotcherera zitsulo, amene amapanga kaliyala wa nsimbi zomangira nyumba, wotha kusenza matumba aŵiri kapena atatu a makilogalamu 50. Amene adapanga njingayo ku India kapena ku China akadawona katundu amene imasenza kuno akadagwira pakamwa.

Masiku ano kuli miseu ya phula, ndipo pa Migowi pomwe pano padamangidwa chipatala chachikulu cha boma lathu, chotchedwa John Chilembwe, boma limene lidapatuka ku Mulanje mu 1998. Koma phula silifika pa khomo la munthu aliyense. Mai wodwala wa ku Nambazo amayamba ulendo wake pa kaliyala, ndipo ngati tcheni lili losamalidwa bwino amafika nthaŵi yabwino. Tidaziwona zimenezi poyera m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy adagumula milatho ndi kukwirira midzi ya ku Nkhulambe, monga momwe napolo wa ku Michesi adachitira mu Malichi 1991. Kumene galimoto idalephera kufika, njinga ankaisenza pamutu kuwoloka nayo mtsinje, kutsidya n'kuikweranso. Masiku amenewo munthu wodziŵa kulumikiza tcheni loduka anali wofunika ngati namwino.

Tiyeni tsopano tisendere kumene kuli phokoso. Njinga zamoto zidachuluka kuno m'zaka zaposachedwa, zambiri zoloŵera ku Mozambique, za maina monga Lifo, Sanlg ndi King Lion, ndipo zabweretsa mtundu wina wa amisiri, anyamata a changu amene amamva matenda a injini ndi khutu. Injini ikakana kulira amayamba ndi pulagi. Akaimasula amaiyang'ana monga momwe dokotala amayang'anira lilime la wodwala. Ikakhala yofiirira ngati khofi wothira mkaka, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, ndiye kuti injini ikumwa petulo wambiri koma mpweya wochepa, ndipo kaŵirikaŵiri wolakwa ndi sefa ya mpweya imene yatsekeka ndi fumbi la Okutobala. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, pamenepo mwini njinga ayambe kufunsa mtengo wa maring'i.

Matenda ena amachokera m'mabotolo. Mafuta akasoŵa m'dziko, monga zidachitikira kangapo kuyambira 2022, anthu amagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa mseu, ndipo palibe amene amadziŵa chimene chidaloŵa m'chigubumo. Petulo wa m'Malaŵi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene adayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Chigubu chikakhala chosatsekedwa bwino madzi amaloŵamo, nakakhazikika pansi pa kabuleta. Njinga imayamba kutsokomola ndi kuzima pokwera mtunda. Mankhwala ake ndi osavuta, kumasula kabawuti ka pansi ndi kukhetsa madziwo, koma wosadziŵa amagulitsidwa kabuleta watsopano. Paja safunsa adadya phula.

Apa ndipo pali kusiyana kumene kumatidetsa nkhaŵa. Mmisiri wakale ankakonza. Ambiri a lero amangochotsa ndi kuika china. Sitikuŵanena onse, ndiponso si mlandu wao okha, pakuti zipangizo zambiri zimene zadzaza m'magolosale zidapangidwa kuti zikatha zitaidwe. Zimanyezimira m'pepala, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: pedulo imasweka mwezi usanathe, tcheni limatamuka lisanaone dzinja lachiŵiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zonse zochokera kunja idakwera, ndipo anthu adakumbukiranso madala aja amene amadziŵa kusula kotapini kuchokera ku bawuti yakale, kapena kusoka tayala long'ambika ndi ulusi wochokera m'tayala la galimoto. Kwa madala ameneŵa palibe chotaya. Chubu chakutha chimasanduka mphira zomangira katundu ndi malegeni, tayala limasanduka nkhwaira, limu lopindika limasanduka belu la pa sukulu, ndipo waya wotsala amatola ana kukapangira tigalimoto tao.

Za tigalimoto ta mawaya timeneti tili ndi mau kwa makolo anzathu. Mwana akakhala tsiku lonse akupinda waya, kuyesa kuti chiwongolero chitembenuze magudumu, musamkalipire kuti akutaya nthaŵi. Mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba, adasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusoŵa fizi, koma mu 2002 adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale ya bambo ake, dayinamo, ndi zitsulo zotola kudzala. Anthu ankamuyesa wamisala. Nkhani yake idalembedwa m'buku mu 2009, ndipo mu 2019 idapangidwa kanema. Koma tisaiŵale kuti nzeru zakezo adazipeza m'buku la sayansi la m'laibulale. Tikunena izi chifukwa anyamata ena m'makalasi athu amati sukulu ilibe phindu popeza kabaza amapatsa ndalama tsiku lomwelo. Zoonadi amapatsa, koma njingayo kaŵirikaŵiri ndi ya wina, ndipo madzulo ndalama zimapita kwa mwini wake. Mnyamata amene wamaliza sukulu angathe kukaphunzira umakaniko m'sukulu za ntchito zamanja pansi pa bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, nakhala ndi pepala lomtsegulira makomo kwina. Atsikananso asaope sipanala. Ndiwo amene amavutika mjigo ukawonongeka, ndipo m'midzi yambiri amai a m'makomiti a madzi amasolola okha ndodo za mjigo wa Afridev ndi kusintha mphira zake popanda kudikira munthu wochokera ku boma.

Pali zina zimene timawona m'makomo zimene sitingazikhalire chete. Chigubu cha petulo sichiyenera kugona m'nyumba imene muli ana, koloboyi ndi mbaula, pakuti nthunzi yake imakwaŵa pansi ndipo imakapeza moto uli patali. Injini isalizidwe m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete, munthu akungomva tulo. Oyilo wakutha asathiridwe pafupi ndi chitsime. Ndipo ana athu amene amaunjikana kuwonerera wowotcherera zitsulo tiŵachotsepo. Kuŵala kuja kumapsereza maso, ndipo ululu wake umabwera usiku, ngati wina wathiramo mchenga. Mmisiri amene amawotcherera atavala magalasi a dzuŵa a pa msika akudzinamiza yekha. Chimodzimodzinso mabuleki. Munthu amalolera kugula wailesi ya pa njinga yamoto ndi nyali zamitundumitundu, koma mabuleki akumanga ndi waya, chipewa chotetezera mutu chili chopachika pa handulo.

Nkhani ya kubwereka zida ndiyo yadanitsa abale ambiri kuno, mwina kuposa malire a munda. Sipanala ya 10 ndi ya 15 ndizo zimasoŵa kaŵirikaŵiri, ndipo pampu yobwerekedwa Lolemba imabwera mwezi wamaŵa ilibe mpira wake. Amisiri ena adafika pomangirira pampu ku mtengo ndi tcheni, kuti wofuna mpweya apopere pomwepo ndi kusiya kandalama. Poyamba tinkati n'kuuma mtima, koma titaŵerengera mtengo wa pampu tidaŵamvetsa.

Dzuŵa likapendeka, mthunzi utayamba kutalika pa msika, ntchito imachuluka m'malo mochepa, chifukwa aliyense amene wagulitsa nandolo wake afuna kuti njinga iwonedwe asanayambe ulendo wobwerera. Ophunzira ntchito, anyamata a zaka khumi ndi zisanu kapena kuposerapo, ndiwo amapatsidwa zomata ndi zopopa, pamene bwana wao amasunga malimu ndi mahabu. Mnyamata amatha miyezi akungotsuka mabolo m'parafini asanaloledwe kukhudza sipoko. Tsiku limene bwana adzampatse choko ndi kumuuza kuti awongole yekha gudumu la kasitomala, anzake onse amaleka zimene akuchita nabwera kudzaimirira mozungulira, ndipo mwini njinga, amene sadziŵa kuti gudumu lake lasanduka pepala la mayeso, amangodandaula kuti kukuda ndipo kwao n'kutali.