Mtedza Wokwiriridwa M'phulusa

Amene anadwazikapo m'bale wake pa chipatala cha kwathu kuno amadziwa kuti gadiyani sadya, amangotseka kukamwa kwa njala. Amaphika m'khitchini ya magadiyani utsi uli m'maso, ndiwo yabwino n'kupita kwa wodwala, yekha n'kutsala ndi zokokota mumphika. Ku Singapore, komwe ndinakhala miyezi isanu ndi itatu mu 2018 ndikuchita maphunziro, palibe amene amasonkha moto pa chipatala. Pansi pa nyumba zitalizitalizo pali malo odyera, pomwe madokotala, anamwino ndi achibale a odwala amaima pa mzere umodzi, aliyense thireyi ili m'manja.

Ndinkapita kumeneko poperekeza mnzanga wa m'kalasi amene amayi ake anagonekedwa atagwidwa ndi sitiroko. Matendawo anawaumitsa mbali ya kumanja ndi kuwalanda mawu. Banjalo ndi la mtundu wa a Peranakan, zidzukulu za amalonda a ku China amene anayamba kukhazikika ku Melaka m'zaka za m'ma 1400, kenaka ku Penang ndi ku Singapore, n'kumakwatira akazi a m'deralo. Dzina lenilenilo limachokera ku liwu la Chimalay lakuti anak, kutanthauza mwana. Amuna awo amatchedwa Baba, akazi Nyonya, ndipo mphika wawo unatenga mbali zonse ziwiri: nkhumba ndi sosi wa soya za ku China, tsabola, bwemba ndi mkaka wa kokonati za Amalay.

Madzulo ena titatsika kukadya, mnzangayo anaima njo patsogolo pa kauntala ina. Mumphika munali nyama ya nkhuku mu msuzi wakuda ngati dothi la kudambo, ndi timtedza tokhala ngati miyala ya kumtsinje. Anaitanitsa mbale ziwiri ndi mpunga, osandifunsa n'komwe.

"Iwe, idya. Iyi ndi ayam buah keluak," anatero.

Mtedzawo amautsegula kakhomo kumutu kwake, ndipo wakudya amakolowola zam'kati ndi kasupuni n'kusakaniza ndi mpunga. Kakomedwe kake n'kovuta kukafotokoza. Kuli kuwawa kwapatali, kuli fungo la nthaka imene yangolandira mvula yoyamba, pamwamba pake kuwawasa kwa bwemba. Kunena zoona, supuni yoyamba lilime linakayika, yachitatu linagonja.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mtedza umenewu ndi wakupha. Umachokera mu mtengo wotchedwa Pangium edule, ndipo waiwisi uli ndi poizoni wa cyanide. Ku Indonesia, komwe wambiri umachokera, amauwiritsa n'kuukwirira m'phulusa kwa masiku pafupifupi 40 mpaka poizoni atatha ndipo mkati mwake mwada. Ukafika m'khitchini amauviikanso masiku angapo, kuukwecha ndi kusintha madzi tsiku lililonse. Ine wokulira ku Nkhata Bay sindinafune womasulira. Poizoni yemweyo ndi amene ali mu chinangwa chowawa, chimene amayi anga ankachiviika m'madzi masiku angapo chisanasanduke ufa wa kondowole. Kaya ndani anayamba kulimba mtima n'kulawa zinthu zoterezi, koma anthu a mbali ziwiri za nyanja ya mchere anatulukira nzeru yofanana.

Mnzanga uja anadya mwakachetechete, kenaka anaika supuni pansi.

"Rempah iyi anaigaya ndi makina," anatero. "Amayi akanaibweza."

Rempah ndiye muzu wa kaphikidwe ka a Nyonya: anyezi, adyo, tsabola, tameriki, udzu wonunkhira ngati ndimu uja ife timathira mu tiyi, ndi belacan, phala louma la tinkhanu ta m'nyanja. Zonsezi amazisinja mu kamtondo ka mwala kotchedwa batu lesung. Amati kale apongozi ankadziwa ngati mtsikana ndi woyenera banja pongomvera kuguguda kwa munsi wake. Ine ndinaona kuti mnzangayo akuwalakwira anthu ophikawo. Munthu amene akudyetsa mazana a anthu pa ola la nkhomaliro sangakhale pansi n'kumasinja, ndipo mbale yotsika mtengo ya pa chipatala sungaiyerekeze ndi ya ku Candlenut, lesitilanti ya Chiperanakan imene inalandira nyenyezi ya Michelin mu 2016. Koma ndinakhala chete, chifukwa ndinazindikira kuti nkhani sinali ya makina.

Amayi ake sanalembepo chilichonse. Ankaphika mwa agak-agak, kuyeza ndi diso ndi dzanja basi, monga momwe amayi athu sayezera ufa pothira mu nsima. Mwana wawoyo anakula ali pa mabuku, n'kumati adzaphunzira mawa. Tsopano manja odziwawo anali gone pa bedi, pakamwa pali potseka. Mu mzinda momwemo muli nyumba yosungiramo mbiri ya a Peranakan, imene inatsegulidwa mu 2008 mu msewu wa Armenian Street, momwe muli mbale zokongola, nsapato za mikanda ndi mabedi a ukwati. Kuchuluka kwa bwemba wothira mu mphika wa banja lawo simungakupezemo.

M'mawa mwake anabwera ndi kope ndi cholembera. Anakhala pambali pa bedi, n'kugwira dzanja lamanzere la amayi ake, limene linali likadali ndi mphamvu. Anawauza kuti azifinya kamodzi ngati wanena zoona. Anayamba ndi mtedza: kodi mumauviika masiku awiri? Dzanja linangokhala. Atatu? Anayi? Atafika pa asanu, zala zija zinamufinya mpaka anakuwa, ndipo namwino anasuzumira pakhomo kufunsa ngati pali vuto. Tsiku limenelo analemba masamba awiri. Pa tsabola anakangana nthawi yaitali, chifukwa gogoyo ankafinya pa nambala iliyonse imene mwana wake watchula.